Zimene ndasunga mufoni

Bandulo ya usiku imayamba anthu atagona,
ndiye ine ndi makina anga tinapangana:
iwo apume, ine ndiyende dziko ndi chala.
Madiresi asanu a Khirisimasi ali pa msomali,
awiri alibe zipi,
mwini wa lachitatu sanaperekeko ngakhale chikole.
Netiweki ya pano pa Lizulu ili ndi mwano wake,
ukatsamira zenera la kumadzulo imakulonjera m'Chipwitikizi.

Choyamba ndinasunga kolala.
Mtsikana wina kutali uko anaidula ngati tsamba la nkhwani,
mbali imodzi yaitali mwadala.
Kuno akanati telala anali atalawa.
Ndaikopera pa chikuto cha kope la ngongole,
ndidzayesa pa nsalu ya Felesiya, iye sakwiya msanga.

Kenako mbatata.
Bambo wa ndevu zofiira akuicheka timizere osafika pansi,
ikutseguka mu uvuni ngati buku la nyimbo,
akuthira batala ndi timasamba ta dzina lovuta.
Ndinaseka ndekha mumdima.
Kachewere yemweyu, amene timamuponda m'matope pamsika!
Ndinayesa Lachiwiri pa mbaula, makala ena pa chivundikiro.
Inapserera kunsi.
Damiyano anadya zinayi osafunsa kuti n'chiyani.

Nyimboyo sindikudziwa chinenero chake.
Mayi wa mawu okhuthala, gitala imodzi,
ndi wina woomba m'manja mochedwa pang'ono.
Kaya akutukwana mwamuna kaya akupemphera,
koma phazi langa pa chopondera lagwirizana naye,
mpendero ukuwongoka wokha.

Dzulo, bandulo itatsala pang'ono,
chithunzi china chinatsika mwaulesi kuyambira kumwamba.
Poyamba chifunga.
Kenako phewa la phiri
lomwe ndimaliona ndikamataya madzi otsukira mbale.
Mulu wa kabichi, ambulera yothyoka nthiti,
mayi atayang'ana kumbali, akumanga ndalama pansonga ya chitenje.
Juzi yobiriwira ija.
Chigamba cha pachigongono ndinasoka ndine,
ndi ulusi wakuda poti wobiriwira unali utatha.

Wojambulayo ndi mlendo, anadutsa zaka zinayi zapitazo.
Pansi pake analemba m'Chingerezi:
wogulitsa masamba, penapake mu Afirika.
Anthu zikwi zitatu aikapo timitima.
Wina akuyamikira kuwala kwa m'mawa.
Wina akufunsa mtundu wa kamera.

Penapake.
Ndi apa, mapazi makumi anayi kuchokera pomwe ndakhala.
Ndi aNangozo, amayi anga aang'ono,
amene sankalola kujambulidwa ngakhale pa ukwati,
ankati kamera imawakulitsa mphuno.
Tinawaika ku Mlanda m'nyengo yachisanu chaka chatha,
pamaliro tinasowa choika pabokosi
mpaka tinakulitsa cha pa chiphaso chovotera,
chooneka ngati akuzengedwa mlandu.
Apa ndiye ali iwo enieni,
mlomo uli pakati pa kuseka ndi kukana mtengo wa munthu.

Ndinachisunga kawiri, chala chikunjenjemera.
Ndinayamba kulemba dzina lawo kuti dziko lidziwe.
Ndili pa chilembo chachinayi bandulo inatha,
kunja mvula ikuyamba pa malata,
ngumbi ziwiri zikugunda pa sikirini.

Mawa ndikwera minibasi ya ku Ntcheu paboma
kukachitsukitsa pa pepala lalikulu.
Madiresi adikire, zipi sizithawa.
Ana a achimwene akabwera ku tchuthi
adzawapeza agogo awo pakhoma, pamwamba pa makina,
adzafunsa kuti anajambula ndani
ndipo ndidzati munthu wina wa penapake.
Ndidzawayatsira nyimbo yosamveka ija,
n'kuwaotchera mbatata ya timizere,
ulendo uno makala ochepa kunsi.