Zilembo Zikamayenda

Anandiitanitsa Lachitatu, chiperoni chitakuta phiri,
dengu langa la tiyi lisanafike pasikelo.
Kapitawo anandidula theka la tsiku.
Ndinatsetsereka ku Chitakale ndikuloweza mawu opepesera,
poti mayi akaitanidwa kusukulu
ndiye kuti mwana waswa kanthu.

Lusiyano sanaswe kanthu.
Chaka chachitatu ali mu Sitandade 2,
anzake amamutcha agogo a kalasi.
Amakhala kumbuyo kwenikweni, pakhoma podontha,
pomwe choko sichifika.

Mayi Nakhumwa anandipatsa mpando wawo womwe.
Anati: ndili ndi ana zana ndi khumi ndi anayi,
uyu ndamuona mochedwa, mundikhululukire.
Kenako kwa iye: uza amayi ako zija unandiuza.

Mwana anayang'ana zala zakumapazi.
Zilembo zimayenda, amama.
Cha mimba kutsogolo chimatembenuka, mimba n'kupita kumbuyo.
Ndikati ndigwire mzere
umabalalika ngati linthumbu loponderedwa.

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

Nanenso zinkandiyendera.
Ndinanenapo kamodzi, ndili kamtsikana kometa mpala.
Anandipatsa zikoti zitatu, dzenje loti ndikumbe,
ndi dzina loti mbutuma
limene ndasenza mpaka lero, lolemera kuposa dengu.
Pamalipiro ndimadinda chala.
Sindinauzepo munthu, ngakhale bambo ake asanapite ku Joni.

Aphunzitsi anati si ulesi ayi, si kulodzedwanso.
Mutu wake uli ndi njira yake yolowera,
ife timangogogoda khomo limodzi.
Kodi simunamuone pamsika wa zinanazi
akuwerengera chenji akuluakulu andevu?
Ndinamuona. Ndinkayesa ndi kuchenjera chabe.

Anamusamutsira kutsogolo, pafupi ndi bolodi.
Anadula kazenera pakatoni ya sopo
kuti aziona mzere umodzi basi,
inayo idikire panja ngati odwala kuchipatala.
Loweruka tinakatapa dongo ku Likhubula,
iye n'kuumba zilembo zazikulu ngati zigumu,
n'kuziyanika pakhonde, nkhuku zikudabwa.
Mayeso amamuwerengera mokweza, iye n'kumayankha pakamwa,
ndipo belu likalira samulanda pepala.

Musaganize kuti zonse zayera.
Dzana anaponya kope m'matope
n'kunena kuti akufuna azikathyola tiyi ngati ine.
Ndinalitola, ndinaliyanika padenga, sitinalankhulane.
Anyamata ena akadamutchabe agogo.
Mayi Nakhumwa akuti mwina awasamutsa chaka chamawa,
ndipo usiku ndimadzifunsa
ngati wobwerayo adzakhale ndi maso.

Koma dzulo, tochi ikuzilala,
anandigwira chala, chomwechi chodindira,
chakuda ndi utomoni wa masamba,
n'kuchiyendetsa padongo louma:
mtengo woima, nthambi yapamwamba, nthambi yapakati.
Ichi n'chanu, amama. Feliya amayambira pamenepa.

Ndinachipanikiza ndi chala,
mtima ukugunda ngati ndagwira mbalame,
ndikudikira kuti chitembenuke,
chithawe monga zinkachitira kale.

Chinakhala phee.

Bwerezaninso, anatero mwana wanga
ndi mawu a Mayi Nakhumwa.
Musafulumire. Palibe akukuthamangitsani.