Bambo Akuwerenga Bokosi

Potuluka m'chipatala cha ku Tacuarembó
bambo anali ndi chipsera pachifuwa,
chachitali ngati chikwapu chawo chopachika kuseri kwa chitseko,
ndi kapepala ka Dokotala Berrutti m'thumba la malaya:
mafuta achepe, mchere uchepe,
nyama yofiira mwa apo ndi apo.

Mwa apo ndi apo!
Kuuza munthu amene kwa zaka makumi asanu ndi limodzi
wadzukira nthiti ya ng'ombe, nagonera nthiti ya ng'ombe.

Ndiye Lamlungu ndinatsika basi ya ku Montevideo
nditakumbatira bokosi lobiriwira,
m'kati mwake timibulu tinayi tophwatalala:
nyama yosabadwa, yosayamwa,
yosalirapo m'khola usiku wa mvula,
magazi ake madzi a bitiruti.
Pa waya wowotchera inalira tswii ngati yeniyeni.
Galu wathu Tizón ananunkhiza kamodzi,
nabwerera kukagona pansi pa ngolo.

Bambo sanaseke.
Anavala mandala, natembenuza bokosi,
nayendetsa chala monga amachitira
pa mitengo ya kumsika wa ng'ombe.
Soya. Mafuta a kokonati. Mchere.
Mayina ena asanu amene lilime lawo linakana.
"Maite, mcherewu Berrutti wauona?"
Ndinati koma mulibe mafuta a nyama aja
amene anatseka mtsempha wanu.
"Nanga a kokonati amatsekula?"
Ndinatembenuza kambulu kamene kanali katapsa kale.

Kenaka ndinatulutsa za kusukulu.
Ndinati ng'ombe zanu mazana atatu zikamabzikula
zimageya mpweya umene umafunditsa dziko bulangeti.
Ndinati mukukumbukira chilala chija,
mtsinje utasanduka msewu,
inu mukukoka mitembo makumi anayi ndi thirakitala?
Ndinalasa pa bala. Ndinadziwa.

Iwo analoza ndi mpeni kutsidya kwa mpanda,
kumene kale kunali dambo la a Techera,
udzu wofika m'mimba mwa hatchi,
nthiwatiwa zathu zazing'ono zikuthamanga ndi anapiye.
Lero soya yekhayekha mpaka kumene maso alekezera,
ndi kandege kachikasu kopopera mankhwala m'mamawa.
"Ming'oma yanga ya njuchi khumi ndi iwiri
inatonthola mwezi umodzi.
Njuchi sizinaphedwe ndi ng'ombe, mwana wanga."

Ndinati soya ameneyo sabwera m'bokosi muno,
amakwera sitima kukanenepetsa nkhumba ndi nkhuku
za kutsidya kwa nyanja.
Nyama ndiyo imadya soya kuposa ine.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
monga amayang'anira thole limene lalumpha mpanda
koma lalumpha bwino.

Tinadya.
Anatafuna pang'onopang'ono, mwaulemu,
ngati mlendo pa maliro a munthu wosamudziwa.
"Si yoipa," anatero. "Ikungosowa mayi wake."
Theka anasiya. Tizón analikananso.

Usiku ndinagona khutu lili ku khoma,
kuwerenga mpweya wawo,
kulowa, kutuluka, kaphokoso kakang'ono pakati.
Sindinkaganiza za dziko.
Ndinkaganiza za mtsempha umodzi,
wopyapyala ngati udzu womwera,
ndi kuti sindidziwa mtengo wa ng'ombe ngakhale imodzi.

Kutacha ndinawapeza m'khitchini,
chikho cha tiyi wowawa chili m'dzanja,
mphodza zitanyikidwa m'poto wa malemu amayi
umene sunatsike pa msomali zaka zinayi.
Anyezi awiri, dzungu, tsabola,
ndi kachidutswa ka nyama yofutsa
kosaposa chala changa chachikulu.
"Izi," anatero osandiyang'ana,
"sizinama dzina."

Panja nkhungu inali isanachoke.
Ng'ombe zinaima m'menemo mpaka m'maondo,
zikubzikula, zikugeya, zosadziwa mlandu wake,
ndipo kutali, kutsidya kwa mpanda,
kandege kaja kanali katayamba kulira.
Bambo anatenga mchere,
nauyeza m'chikhatho,
nabwezera theka m'botolo.