Mkaka wa Aaltje Wierenga

Pa chikwangwani cha msewu alemba dzina lako molakwitsa,
asiya "a" mmodzi.
Ukadakhalapo ukadawatukwana a khonsolo
monga unkatukwanira agalu, mphepo ya ku Groningen,
ndi aliyense wofuna mkaka wa ngongole.

Akufuna ndinene kuti unali mngelo.
Unali mayi wa nkhope yokwinya, mano ofiira ndi fodya,
wothira madzi mu mkaka Lachisanu lililonse,
ndipo mudzi wonse unkadziwa.

Ndinali ndi zaka zinayi, dzina langa Mirjam.
Unandinyamula ngati thumba la mbatata
n'kundipinda m'ngolo ya njinga yako
pakati pa zigubu ziwiri zachitsulo,
pamwamba chiguduli chonunkha ng'ombe.
"Ukatsokomola, tafa tonse."
Moni wako anali ameneyo.
Mpaka lero chifuwa chikandikwera m'basi
ndimachimeza.

Mphira anali atalanda kale asilikali.
Njinga yako inkayendera matayala a mtengo,
gudu, gudu, gudu, pa msewu wa njerwa,
mano anga akuluma lilime.
Pa mlatho panali msilikali,
kamnyamata ka ziphuphu, mfuti ikukalemera.
Unakapatsa kapu ya mkaka wosathira madzi
n'kukakalipira chifukwa cha batani lothothoka:
"Amayi ako akadakuona, iwe!"
Kanazyolika, kanakweza mtengo wotchinga njira.
Ine tsaya lili pa chitsulo chozizira,
ndikuwerenga mpweya wanga.

Ku famu ya a Bolhuis anandimeta,
ananditcha Hilje, mwana wa msuweni wa ku tauni.
Unabwerako kawiri kokha,
makadi a chakudya atabisidwa m'sokosi.
Sunandifunse ngati ndimalira usiku.
Unangondikoka khutu, kuona ngati ndasamba.

Tinalipo khumi ndi mmodzi, ndinamva nditakula.
Khumi ndi awiri, tikawerenga khanda la mu Febuluwale
limene linalira pa mlatho
tsiku limene panali msilikali wina.

Anakusunga milungu isanu ndi umodzi.
Unabwerako zala zitatu zakumanja zitakhota ngati mbedza,
osatchula famu ngakhale imodzi.
Lolemba lotsatira unali pa msewu,
kuyeza mkaka ndi dzanja lamanzere,
ukutayikira, iwe ukutukwana.

Nkhondo itatha anabwera amuna a mataye,
mendulo ili m'kabokosi.
Tebulo lako linkagwedera mwendo umodzi.
Kuyambira tsiku limenelo linasiya.

Ndinakuchezera kamodzi, mwana wanga wamkazi ali m'manja,
mawu othokoza nditawaloweza m'sitima ulendo wonse.
Unandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.
"Wanenepa," unatero.
Kenako unandigulitsa tchizi pa mtengo wokwera.
Ndinalira njira yonse yobwerera,
osadziwa ngati ndi mkwiyo.

Amayi anga sanabwereko kumene sitima ina ija inawatengera.
Nkhope yawo inandithawa kalekale.
Yako, yokwinya ija, yakana kuchoka.

Utamwalira anapeza kabuku kako ka ngongole,
mayina a mudzi wonse, malita, masenti,
ngakhale abusa anali momwemo.
Ku tsamba lomaliza, mizere khumi ndi iwiri yopanda mayina,
masiku okha.
Khumi ndi umodzi unaidula ndi pensulo
monga unkadulira ngongole yobwezedwa.
Umodzi unausiya.
Pepala pamenepo n'lopyapyala, lakuda,
chala chinkabwererapo.

Lero ana akudutsa pano pa njinga za mphira,
osamveka n'komwe, maso pa foni.
Atatu mwa iwo ndi anga,
magazi amene anadutsa mlatho pansi pa chiguduli.
Wamkulu wandigwirira ndodo, akuti agogo mugwa.
Ndakwera pa benchi, mawondo akunjenjemera,
ndabwezerapo "a" wako ndi cholembera chakuda,
wokhota, wa dzanja la nkhalamba.

Kenako, Aaltje, ndatsokomola.
Mokweza.
Msewu wako wonse wamva.