Nambala Makumi Awiri ndi Zisanu ndi Ziwiri

Ku Gdańsk, pansanjika yachinayi,
pomwe zenera limayang'ana makireni a padoko
ataima m'chisanu makosi ali njo,
mayi Bogumiła anandilozera tebulo ndi chibwano.
"Ndi imeneyo. Imachedwa kuposa basi ya Lamulungu."

Ndinadina batani.
Fani inakhosomola kawiri, niyamba kubuula.
Kapu yoyamba ya tiyi tinamaliza sikirini ikadali bii,
pa yachiwiri kamuvi kanatulukira,
kanayenda pang'ono, kenaka n'kuima chilili
ngati mwana woiwala zomwe am'tuma.

Ndinamasula chivindikiro.
M'katimo munagona fumbi la zaka khumi ndi zitatu,
losakanikirana ndi ubweya wa mphaka amene anafa kalekale.
Ndinapemerera, ndinayetsemula,
mayi anaseka koyamba tsiku limenelo.

Diski inali yotopa koma yamoyo,
timabala tiwiri tokha, tosaopsa.
Mavayirasi ndinapeza atatu, okalamba, aulesi,
olowera m'masewera a makadi aulere.
Ndinawasesa. Ndinayatsanso.
Ulesi uja pomwepo.

Ndiye ndinatsegula mndandanda
wa zonse zodzuka nayo limodzi ikayatsidwa:
mapulogalamu makumi anayi ndi imodzi,
kuthithikana pakhomo limodzi lopapatiza.
Ina ikufunsa za mphepo ya panyanja ya Baltic,
ina ikuwerenga zombo zolowa ndi zotuluka,
ina ikuitanabe makina osindikizira
amene anapita kudzala zaka zapitazo.
"Leszek sankataya kanthu," anatero mayi,
"ngakhale msomali wopindika."

Ndinazimitsa imodziimodzi,
chala chikutsika mndandanda osafunsa dzina la aliyense.
Nditayatsanso, ketulo isanalire,
sikirini inali itawala kale,
kamuvi kakudumphadumpha ngati kagwape.
Ndinadzimva kuti ndine mmisiri.
Ndinayamba kulongedza zida.

Nthawi inakwana seveni madzulo.
Mayi anakoka mpando, nayang'ana sikirini.
Pansi panadutsa sitima ya mumsewu, magalasi ananjenjemera.
Anadikira.
"Bwanji sakulankhula?"
"Ndani, mayi?"
"Seveni iliyonse pamabwera kabokosi."

Ndinabwerera mumndandanda muja.
Nambala makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri:
kafayilo kopanda dzina lomveka,
mizere isanu ndi inayi ya munthu wodziphunzitsa yekha usiku
atachoka kowotcherera zitsulo za zombo.
Kanalembedwa mokhotakhota,
kankafunsa koloko nthawi kosalekeza, osapuma,
yakwana? yakwana? yakwana?
ndipo theka la mphamvu za kompyuta
linkathera poyankha kuti ayi, sinakwane.
Matenda enieni anali amenewa.

"Ndikulembereni kena katsopano, kopepuka.
Mawu omwewo, nthawi yomweyo."
Anapukusa mutu.
"Kake komweko."

Pa ntchito yanga sitibwezera munga paphazi.
Ndinakhala kaye duu, zida zili pamwendo.
Kenaka ndinakadzutsa.
Fani inayambanso kubuula, pansipansi,
ndinabweza koloko m'mbuyo mphindi ziwiri,
tinadikira tonse awiri ngati anthu a pasiteshoni.

Kabokosi kotuwa, zilembo zazikulu,
chimodzi chosoweka pakati pa liwu:
BOGUSIA, MAPILITSI A MTMA. USAMWERE KHOFI.

"Ndamva, ndamva," anayankha mayi monyinyirika,
akutsegula kabotolo, akuthira madzi m'tambula.
Sanandiyang'ane.
Anapukuta sikirini ndi mkono wa juzi,
pamalo pomwe panalibe fumbi.

Kamuvi kanali kuyenda, koma motsimphina pang'ono.
Mapulogalamu makumi anayi anali gone,
imodzi ili maso, kufunsa koloko.

Pa lisiti ndinalemba: Yakonzedwa,
ndinaima, cholembera chili m'malere,
n'kuwonjezera: kupatula chimodzi.
Ndinatsika masitepe onse anayi mumdima,
babu la m'khonde linali litapsa,
ndipo chomasulira changa chaching'ono
ndinakumbukira ndili m'basi kuti chatsala patebulo paja.