Ola Limodzi la Farrusco

Dokotala wa ziweto anati ola limodzi patsiku,
apo ayi Farrusco afufuma ngati pilo.
Mayi Graciete anangoseka.
Mawondo awo amadziwa masitepe
makumi asanu a nyumba yosanjayi ku Porto,
sitepe iliyonse ndi kubuula kwake.

M'mawa amatsikabe, chingwe kumanja,
mpaka pogulitsa buledi pa Abílio.
Mphindi khumi ndi ziwiri. Benchi.
Galu amanunkhiza mtengo womwewomwewo
ngati akuwerenga nyuzipepala ya dzulo.

Mphindi zotsalazo
Farrusco amazithamanga kutulo,
miyendo ikupalasa kapeti, ali phuu, phuu,
kupirikitsa njiwa za kumtsinje wa Douro.

Mayi amayang'ana wotchi, nalemba pakalendala.
"Nazonso n'kuyenda," amanong'ona.
"Dokotala asamve."