Pofikira Maso

Anandiitana ku Likhubula m'mawa wa chiperoni.
Mwana wawo wa ku Limbe ndiye anatumiza ndalama pa foni:
"Kakonzeni pabalaza pa amayi, pakuoneka ngati pa okala."

Sananame.
Makalendala anayi, atatu a zaka zakufa,
maluwa apulasitiki otuwa ndi fumbi,
wailesi yakanema itafunda kansalu koluka,
mipando itafulatirana ngati banja lomwe lagona litakangana.
Diso langa linazungulira, linazungulira,
nkhuku yosowa poikira.

Ndinati, Mayi Namakhwa, chipinda chili ngati msonkhano,
onse akamayankhula palibe womveka.
Pamafunika chinthu chimodzi
choti mlendo akangolowa maso ake afikire pomwepo, apume,
zina zonse zizingovomereza.

Ndipo ndinali nditachiona kale.
Kuseri kwa kabati ya magalasi kunali zenera,
kuwala kukuchucha m'mbali ngati mtsuko wong'aluka.
Kunjako ndinadziwa kuti kuli Chambe yense,
thanthwe loima chilili
lomwe alendo amalipira ndege kuti adzalijambule.
Chithunzi chaulere! Tingosuntha kabatiyi...

"Musaikhudze."

Mawu awo sanakwere. Anangoyala dzanja pa thabwa.
"Ndinaikankhira pamenepo ndekha, usiku, mbale zili momwemo,
sabata yomwe phiri linasanza matope
n'kunditengera Lusiyano.
Ndilibe nalo mawu.
Lisamandiyang'ane ndikamamwa tiyi."

Ndinameza malovu pamodzi ndi nzeru zanga za m'buku.

Mawa lake, ndikutulutsa katundu,
ndinaipeza kuseri kwa chitseko, pakati pa matsache:
ndodo ya mkungudza, fungo likadalimo.
Mayina ozokota kuchokera pansi kukwera m'mwamba,
Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sapitwa,
ndi timizere ta mpeni tosawerengeka,
kalikonse ulendo umodzi atasenza chikwama cha mwini.
Pogwirira panali patada, patasalala,
dzanja lokha ndilo linkasowapo.

Ndinaikweza. Sindinafunse.
Iwo anayang'ana kudenga nthawi yaitali,
kenako anapita kukakolezera mbaula
ndi makalendala atatu aja.

Makoma atatu ndinawapaka laimu.
Lachinayi, lopenyana ndi kabati,
ndinalipatsa mtundu wa katondo wa m'minda ya tiyi
mvula ikangokata.
Misomali iwiri basi.
Poyeza msinkhu ndinawaimika pakhomo,
ndinatsata maso awo, osati anga,
pakuti ndi aafupi, ndipo nyumba ndi yawo.
Mipando ndinaitembenuza, inayanjana.
Anafuna kupachikapo wotchi, ndinakana:
malo opanda kanthu nawonso amagwira ntchito, mayi,
ndiwo amachititsa chinthu kumveka.

Chimodzi chinandivuta. Khomalo linali mumdima.
Ndinalonjeza babu wa m'mwamba,
iwo anaseka koyamba:
"Ndi magetsi ake ati?"

Loweruka ndinalawira kukatenga makwerero anga.
Pasimenti panali mkwasa watsopano, wokhota.
Kabati inali itasuntha,
osati kwambiri, chikhatho chimodzi,
mwina ndi chala.
Dzuwa litangopitirira phewa la phiri
linalowa pampatapo, lopyapyala ngati lumo,
n'kutera pa Sapitwa penipeni pa ndodo,
kenako pang'onopang'ono, dzina ndi dzina,
linayamba kutsika
monga amatsikira munthu wobwerera kwawo.

Anali pampando, kapu m'manja, phiri lili kumsana.
"Musaganize kuti ndalikhululukira," anatero osacheuka.
"Ndangolitsegulira kuti lizibweza ngongole.
M'mawa uliwonse, pang'ono."

Makwerero ndinawatulutsa chammbali
kuti ndisadule kuwalako.
Ndili panjira ya ku Chitakale
ndi pomwe ndinakumbukira
kuti chitini cha penti wotsala ndachisiya pakhonde,
ndipo sindinabwerere.