Msinkhu wa Bambo Papepala

Bafa la nyumba yanga pa phiri la Cordillera
lilibe zenera, ndipo ndilo dalitso lake lokha.
Ndikatseka chitseko n'kutsendera thaulo kunsi kwake,
Valparaíso yense amatsala panja:
agalu ake, masitepe ake osatha,
kulira kwa sitima padoko.
Muno mumatsala nyale yofiira kuti psuu,
mbale zitatu za mankhwala, ndi ine.

Filimuyi ndinaipeza m'chitini cha mabisiketi,
pansi pa mabatani ndi malisiti a lendi.
Chithunzi cha nambala 22: bambo ataima padoko,
chingwe paphewa, chipewa chitapendekeka,
diso limodzi atalitsinzina ndi dzuwa.
Zonsezo pakachidutswa kosaposa chala changa chachikulu.

Rigoberto anaimba foni kuchokera ku Antofagasta.
"Ukulitse, Ximena, chidzaze khoma.
Munthu uja anali wamkulu, usamupanikize."
Nanenso mtima unali komweko.
Ndinatsika phiri kukagula kwa a Eladio
mapepala asanu a masentimita 50 ndi 60,
ndalama ya gasi ya mwezi wathunthu.
Anawakulunga osanena kanthu,
koma ndili pakhomo anandifunsa:
"Mbale zako zikwana?"

Sizinakwane.
Ndinatsukira mosambiramo, nditagwada,
msana ukuwawa, fungo la viniga likuboola mphuno.
Makina okulitsira ndinawakweza mpaka anagunda denga.
Masekondi makumi asanu ndi atatu, ndikuwerenga chamumtima.
Kenako nkhope inayamba kuvuuka m'madzi,
ndipo sanali iwo.
Tsaya linasanduka mchenga,
diso lija kadontho ka utsi,
kafumbi kamene sindinakaone pafilimu
kanakula ngati nthenga pamlomo pawo.
Kuti ndiwazindikire ndinayenera kubwerera m'mbuyo,
koma bafa langa ndi mapazi anayi okha.
Ndinagunda chitseko ndi nkhongo.

Ndinafukula zotsala za chaka chatha.
30 ndi 40: bwinoko,
koma ankaoneka ngati munthu wa pachikwangwani
wopempha mavoti.
24 ndi 30: mlendo waulemu
amene wasokera nyumba.
Ichi chakoma, ichi chakoma,
usiku unanditha m'manja,
mapepala ali ndandanda pachingwe, akudontha,
abambo asanu ndi awiri,
aliyense ndi msinkhu wake,
ndipo palibe amene anandiitana dzina.

M'bandakucha m'bokosi munatsala timapepala
ta 13 ndi 18, timene ndimayeserapo kuwala
n'kutitaya m'ndowa.
Ndinatsitsa makina pansi,
n'kusiya malire oyera otakata zala ziwiri.
Masekondi asanu ndi anayi basi.
Mdima wa jekete unabwera kuti bii, wokhuta,
ulusi wa chingwe unawerengeka umodziumodzi,
chigamba cha pachigongono chimene anasoka mayi
chinaonetsa mphindi zake zokhota,
ndipo kuti ndione diso lija
ndinawerama mpaka mpweya wanga unagwedeza madzi.

Bambo sankakweza mawu.
Patebulo, ukafuna kumva zimene akunena,
unkasiya supuni n'kusendeza mpando.
Ndinali nditaiwala zimenezo,
zaka khumi ndi chimodzi.

Rigoberto adzadandaula, ndikudziwa.
Adzati ndaumira pepala, ndine wouma manja ngati azakhali Clotilde.
Ndidzamutumizira chachikulu chija,
nthengayo ndidzaiphimba ndi kaburashi.
Chipinda chake chochezera n'chachitali,
ali nako kobwerera.

Changa chauma tsopano, m'mbali mwapindika pang'ono.
Ndachipanikiza m'buku la maphikidwe,
pamwamba ndaikapo ayironi.
Panja zikepe za phiri zayamba kukukuta njanji,
wogulitsa buledi akukokera shatala yake m'mwamba.
Lolemba ndidzatsikanso kwa a Eladio
kukagula bokosi la timapepala zana,
ndipo akandifunsa za mbale
ndidzati zikukwana.